Za Dzina la Dupont, ndi Zimene Zinaoloka pa Ulalo Wace

Pa masamba ano tizolowera kuwerenga maulaliki a ku mastesheni athu. Koma mwezi uno tapempha malo kuti tifotokoze mbiri ya dzina limodzi la ku France, ndilo Dupont. Kapena wina adzafunsa, Nanga ife tiri nalo ciani dzina la Azungu? Tiyankha kuti dzinali linayenda ulendo wautali. Linalembedwa pa migolo ya onga wa mfuti ku America. Linachulidwa m'mabwalo a mafumu a Abemba kumpoto kwa Zambia. Ndipo ansembe amene anayamba nchito ya Mpingo wa Katolika ku Ntcheu anadza ataitanidwa ndi munthu wa dzina lomweli. Cifukwa cace siliri lacilendo konse kwa ife, ndipo mbiri yace itilangiza umo tiyenera kuyesera maina a anthu omveka.

M'Cifalansa liu lakuti pont ndilo ulalo, kapena mlatho monga anena ambiri. Ndipo Dupont ndiko kunena, wa pa ulalo. Kalekale munthu wa ku France anali nalo dzina limodzi lokha, limene analandira pobatizidwa. Koma m'mene anacuruka a Jean ndi a Pierre m'mudzi umodzi, anansi anayamba kuwasiyanitsa pochula malo a nyumba zao. Wokhala m'mbali mwa nkhalango anamucha Dubois, wa pacitsime Dupuis, wa paphiri Dumont, ndi iye wokhala poolokera mtsinje Dupont. Dzina la atate linatsikira kwa ana ndi kwa adzukulu. Ndipo caka ca 1539 mfumu François Woyamba inalamulira ku Villers-Cotterêts kuti ansembe alembe m'mabuku ana onse obatizidwa, ndipo cilembere cotero maina a mabanja anakhazikika koposa kale.

Pamenepa tisasokere. Kwathu kuno a Phiri awiri akakomana pa ulendo, ngakhale sanaonane ndi kale lonse, achulana abale, pakuti mfunda wao ndi umodzi. Sikutero ndi Dupont. Dziko la France liri nayo mitsinje yambiri, ndipo ulalo uli wonse unakhoza kubala a Dupont ace ace. Motero anacuruka, kufikira kuti Afalansa akafuna kuchula munthu wamba, monga ife tinena Uje, iwo ati Dupont. Ena alemba Dupont, ena du Pont, ena DuPont, koma liu ndi lomwelo. Mwa khamu lonseli tisankha nyumba ziwiri zosiyana: imodzi ya opanga onga, ndi inzace ya Bishopu.

Nyumba yoyamba tiiyambira pa Pierre Samuel du Pont, wobadwa ku Paris caka ca 1739, mwana wa mmisiri wa mawochi. Makolo ace anali Aprotestanti, amene ku France anachedwa Huguenots, anthu amene anasautsidwa kowawa kuyambira 1685, pamene mfumu Louis XIV inafafaniza lamulo lowalola kupembedza mwaufulu. Pierre sanakonda nchito ya atate wace. Anakhala wolemba mabuku a za cuma ca dziko, wophunzira wa François Quesnay, naphunzitsa kuti cuma ceniceni cicokera m'nthaka ndi m'manja mwa mlimi. Caka ca 1789 anthu a dera la Nemours anamtuma akawalankhulire ku msonkhano waukuru wa dziko, ndipo mbiri imdziwa ndi dzina lakuti du Pont de Nemours.

Caka comweco dziko la France linagwedezeka, pakuti anthu anaukira ulamuliro wa mfumu ndi wa akuru. Du Pont anabvomereza kuti malamulo akonzedwe, koma sanafuna mwazi wa mfumu. Ndipo pa 10 August 1792 iye ndi mwana wace Irénée anaima pamodzi ndi olonda nyumba yacifumu ya Tuileries pamene khamu linaithira nkhondo. Sanakhoza kuipulumutsa. Mfumu Louis XVI inadulidwa mutu mwezi wa January 1793, ndi du Pont anaponyedwa m'ndende caka ca 1794, alikudikira imfa yomweyo. Cinampulumutsa ndico kugwa kwa Robespierre, mkuru wa akupha aja, mwezi wa July caka comweco. Patapita zaka zowerengeka anasonkhanitsa banja lace, naoloka nyanja yamcere, nafika ku America kuciyambi kwa caka ca 1800.

Tsono Irénée, wobadwa caka ca 1771, anali nayo nzeru imene inadzalemeretsa nyumba yonse. Ali mnyamata anaphunzira kapangidwe ka onga pansi pa Antoine Lavoisier, katswiri wa sayansi amene anayang'anira onga wa boma la mfumu, amenenso anadulidwa mutu mwezi wa May 1794. Pofika ku America Irénée anapeza kuti onga wa kumeneko ngwoipa ndi wokwera mtengo. Cotero caka ca 1802 anagula malo m'mbali mwa mtsinje wa Brandywine, pafupi ndi mudzi wa Wilmington m'dera la Delaware, namanga mphero zoyenda ndi mphamvu ya madzi. Onga ndiwo msanganizo wa zinthu zitatu: pa magawo 100, magawo 75 ndiwo mcere wochedwa saltpetre, 15 makala, ndi 10 sulfure; ndipo ubwino wace ukhala pa kuyeretsa mcerewo ndi kupera zonse pamodzi nthawi yaitali. Caka ca 1804 anayamba kugulitsa, ndipo boma la Thomas Jefferson, bwenzi la atate wace, linakhala mwa ogula.

Nchito ya onga ndiyo kusewera ndi imfa, pakuti kanthethe kamodzi ka moto kakwanira kuononga nyumba ndi anthu omwe. Podziwa ici anamanga mphero iri yonse ndi makoma atatu ocindikala a miyala, koma mbali yopenya kumtsinje ndi tsindwi anazisiya zopepuka, kuti onga ukaphulika mphamvu yace ilowe kumadzi, isayatse mphero zinzace. Koma munthu wokhala m'katimo anaponyedwa komweko. Cifukwa cace anchito, amene ambiri a iwo anacokera ku Ireland, pakunena za mnzao wakufa motero ankati, Waoloka mtsinje. Taonani, abale, pa nchito ya iye wochedwa wa pa ulalo anthu anaoloka mtsinje popanda ulalo. Kuphulika kwa caka ca 1818 kunapha anthu oposa 30 tsiku limodzi.

Tisabise zokoma zao. Eni nchito sanathawira kutali. Anamanga nyumba zao pafupi ndi mphero, nagawana zoopsa ndi anchito ao, nathandiza akazi amasiye. Alexis du Pont, mwana wa Irénée, anafa ndi moto wa onga caka ca 1857; ndi Lammot du Pont, mdzukulu wace, anafa m'kuphulika kwa fakitale ina ku New Jersey caka ca 1884. Onga wao unaswa matanthwe pokumba migodi ndi ngalande, ndi polambula njira za sitima. Koma phindu lalikuru linadza ndi nkhondo. Pa nkhondo ya pacibale ya ku America, ya 1861 kufikira 1865, asilikari a kumpoto anaombera onga wambiri wa du Pont. Ndipo pa nkhondo yaikuru ya 1914 kufikira 1918 kampaniyo inapanga monga magawo 40 pa 100 a onga wa Angelezi ndi ogwirizana nao. Cuma cinacuruka kotero kuti caka ca 1934 akuru a banjalo anaitanidwa ku bwalo la aphungu ku Washington, akayankhe za phindu limene opanga zida anapeza pa mwazi wa anthu.

Mphero za pa Brandywine zinatsekedwa caka ca 1921, ndipo lero malowo, ochedwa Hagley, asungidwa kuti alendo akaone zakale. Koma kampani inali itatembenukira ku nchito zina. Caka ca 1935 Wallace Carothers ndi anzace anatulukira nayiloni, ulusi wosacokera ku thonje kapena ku nkhosa; ndiwo mtundu wa ulusi umene asodzi athu a kunyanja aponya nao maukonde masiku ano, m'malo mwa zingwe zimene makolo anapota ndi manja. Caka ca 1938 Roy Plunkett anapeza Teflon, cimene apaka m'mapoto kuti cakudya cisamatirire. Pa nkhondo yaciwiri kampani yomweyo inamangira boma fakitale ya ku Hanford, kumene kunacokera plutonium wa bomba limene linapasula mudzi wa Nagasaki pa 9 August 1945. Ndipo mankhwala opangira Teflon anaipsa madzi akumwa a anthu okhala pafupi ndi Parkersburg ku West Virginia. Caka ca 2017 DuPont ndi kampani ya Chemours, imene inapatuka kwa iyo, zinabvomera kulipira madola 671 miliyoni pa milandu yoposa 3,500. Zonsezi, ukonde ndi bomba, cobvala ndi nthenda, zinanyamula dzina limodzi.

Tisiye tsopano America, tibwerere ku France, kukatenga nyumba yaciwiri, imene njira yace itifikitsa pafupi ndi kwathu. Joseph Dupont anabadwa pa 23 July 1850 ku Gesté, kumadzulo kwa France, m'banja la alimi Akatolika. Anadzozedwa unsembe caka ca 1878, nalowa m'gulu la White Fathers, limene Charles Lavigerie, Bishopu wamkuru wa ku Algiers, analiyamba caka ca 1868 cifukwa ca Africa. Ansembe a gululi anafika kwa Mponda, kumwera kwa nyanja yathu, kumapeto kwa 1889; koma nchito inakanika, ndipo caka ca 1891 anacoka, nakamanga ku Mambwe, pa njira ya pakati pa nyanja ya Malawi ndi ya Tanganyika. Kumeneko Dupont anafika caka ca 1895.

Kumwera ndi kumadzulo kwa Mambwe kunali dziko la Abemba, mtundu wamphamvu wa nkhondo, umene mfumu yace yaikuru ndiyo Chitimukulu. Mafumu ao anagula mfuti ndi onga kwa Aluya ndi Aswahili, nalipira minyanga ya njobvu ndi akapolo. Ndipo sanafuna Azungu m'dziko mwao. Koma Dupont anapalana ubwenzi ndi mfumu Makasa, namanga stesheni ku Kayambi caka comweco ca 1895, ngakhale Chitimukulu anakana. Anali munthu wosakhala pansi, mlenje, wopatsa odwala mankhwala, wa mau okalipa. Anthu anamucha Moto Moto: ena ati cifukwa ca mtima wace woyaka, ena ati cifukwa ankaitanitsa moto kosaleka woyatsira kaliwo wace. Caka ca 1897 anadzozedwa Bishopu wa cigawo cochedwa Nyasa, cimene cinaphatikiza dziko la Abemba ndi dziko lathu lino.

Pamenepo panagwa cinthu cimene anthu atsutsana naco kufikira lero. Caka ca 1898 Mwamba, mfumu yoopedwa koposa mwa Abemba masiku aja, inadwala, niitana Dupont. Ndipo inamwalira mwezi wa October, Bishopu ali pamudzi pace. Dupont ananena kuti Mwamba anamsiyira dziko, kuti akhale wolowa m'malo mwace. Anthu ambirimbiri anathawira kwa iye, poopa kuphedwa pa maliro, pakuti unali mwambo kuti mfumu yaikuru isapite kumanda yokha, ndi poopanso nkhondo ya olimbirana ufumu. Iye anawacinjiriza, ndipo stesheni imene anamanga pambuyo pace inachedwa Chilubula, ndiko kunena malo a ciombolo.

Koma ife amene tidziwa miyambo ya ufumu wotsata kucikazi tiyenera kufunsa. Kwa Abemba ufumu uli m'manja mwa pfuko la Ng'andu, ndilo la ng'ona, ndipo utsikira kwa mbale kapena kwa mwana wa mlongo, monga kwa Acewa. Nanga mlendo wopanda mai m'pfukomo akalowa bwanji? Cifukwa cace ofufuza mbiri ambiri ayesa kuti Mwamba anamuikiza akazi ndi ana ndi anthu ace kufikira atapezeka wolowa, koma Bishopu anawerenga mauwo koposa muyeso wace. Cimene cidziwika ndi ici: Dupont anatumiza mau kwa akuru a British South Africa Company, kampani ya Cecil Rhodes, kuti adze msanga. Iwo anadza, nakana ufumu wace, namanga boma ku Kasama. Caka ca 1899 anagonjetsa Ponde amene anafuna mpandowo, ndipo Kanyanta analowa dzina la Mwamba. Motero dziko limene linatsekera Azungu zaka zambiri linagwa m'manja mwao ndi nkhondo yaing'ono. Miyoyo inapulumuka, ici ncoona. Koma pa ulalo womwewo umene Uthenga unaolokera panaolokanso msonkho ndi ulamuliro wa alendo. Walira mvula walira matope. Koma pano amene anaponda matopewo sindiwo amene anaitana mvula.

Caka ca 1899 Dupont anabwerera ku France alikudwala, nakhalako kufikira 1904. Ali kumeneko anakumbukira mbali ya kumwera ya cigawo cace, imene inalibe wansembe ndi mmodzi yense, napempha gulu la Montfort litumize anthu. Potero Pierre Bourget, Auguste Prézeau ndi Anton Winnen anafika ku Nzama, m'dziko la mfumu Njobvuyalema ku Ntcheu, pa 25 July 1901. A White Fathers anabweranso m'dziko lino caka ca 1902, namanga ku Mua. Ndi caka ca 1903 ku Likuni ndi ku Kachebere. Nchito iyi anaitsogolera Mathurin Guillemé, amenenso analowa m'malo mwa Dupont pamene iye anatula udindo caka ca 1911, atafoka thupi, ndiponso atasemphana ndi ansembe anzace cifukwa ca kuuma kwa ulamuliro wace. Anatsiriza masiku ace ku Thibar m'dziko la Tunisia, namwalira pa 19 March 1930. Zitapita zaka 70 mafupa ace anatengedwa, naikidwa ku Chilubula mwezi wa December 2000. Ndipo nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Mbala, imene inayamba ndi zosonkhanitsa za wansembe Jean-Jacques Corbeil, nikhala ya boma caka ca 1974, ichedwa Moto Moto.

Onani tsono, abale, cinthu cozizwitsa. Anthu awa anabadwa ndi dzina la madzi ndi la kuoloka, koma nyumba zonse ziwiri zikumbukika ndi moto: iyi ndi moto wa onga, iyo ndi moto wa mtima. Dzina limene analandira kwa makolo silinaneneratu kanthu za nchito zao. Ndipo Abemba sanasamala dzina la ku France. Anapenya munthuyo, mayendedwe ace ndi mau ace, namucha lina. Ndi ilo ndilo lalembedwa pa khomo la ku Mbala. Dzina lobadwa nalo munthu alilandira ali khanda, osalipempha. Koma limene anansi amucha atamuona alipanga yekha tsiku ndi tsiku.

Pali anthu ena amene afuna kuti mbiri ikhale nyimbo ya citamando cokha, ndi ena afuna ikhale mlandu wokha. Ife sititsata awa kapena awo. Tikati du Pont anali wakupha cabe, tiiwala kuti ana ace anafera pamodzi ndi anchito ao. Tikati anali wokoma cabe, tinyoza akufa a ku Nagasaki ndi odwala a ku Parkersburg. Tikati Bishopu anali kazitape wa Angelezi, tinamizira munthu amene anthu anathawira kwa iye napulumuka. Tikati anali wopanda banga, titseka maso pa ufumu umene anadzinenera m'dziko la eni. Ulalo suyesedwa ndi dzina lolembedwa pamenepo. Tiuyesa pofunsa cimene cinaolokapo, ndi kwa yani cinakafika.

Ndipo funso lina latsala, limene mabuku saliyankha kawirikawiri: anasenza ulalowo ndani? Woyenda pa ulalo aona matabwa a pamwamba, koma mizati yoima m'madzi saiona. Pa Brandywine mizatiyo inali anchito a ku Ireland amene anaoloka mtsinje, ndi akazi ao otsala ndi ana. Ku Lubemba, ku Nzama ndi ku Mua inali amtengatenga amene anasenza akatundu pamutu, omasulira amene anapatsa mlendo mau, oumba njerwa, ndi aphunzitsi a m'midzi amene analalikira kumene wansembe anafikako kamodzi pa caka. Mpingo uli wonse wa m'dziko lino, wa Katolika kapena wa Ciprotestanti, unaima pa mizati yotere.

Cifukwa cace tipempha akuru a mipingo ndi aphunzitsi pa stesheni iri yonse: funsani nkhalamba zisanagone, mulembe m'buku la mpingo maina a iwo amene anayamba sukulu ndi nyumba ya mapemphero m'mudzi mwanu, amuna ndi akazi omwe, pamodzi ndi mifunda yao ndi midzi yao. Ansembe a ku France analamulidwa kulemba maina caka ca 1539, ndipo cifukwa ca mabuku otere mwana wa mlimi wa ku Gesté adziwika tsiku lace lobadwa. Koma agogo athu amene anamsenzera katundu, iye ndi anzace, ambiri tawataya. Ndipo ife eni, amene tasenza maina a makolo, a Banda ndi a Phiri ndi a Mwale, tikumbukire kuti ana athu ndi anansi athu alikuoloka pa ife tsiku ndi tsiku. Ndipo iwo ndiwo adzanena, ife titapita, cimene tinawaolotsera. Mulungu atithandize kuti cikhale cokoma.